Bango la Chagunda

Kalekale, mitsinje isanaphunzire kuuma, kunali munthu dzina lake Chagunda. Tsiku lina masana anakhala pakhonde akusoka mphasa. Bango lililonse ankaliyeza ndi manja ake. Kutambasula, kudula. Kutambasula, kudula. Mkazi wake Nasimango ankapeta mapira pambali.

"Mphasa yaitali chonchi mukusokera njovu?" anafunsa Nasimango.

"Manja ndi omwewa, mayi. Ndiwadule?"

Anaseka onse awiri. Kenaka Chagunda anati, "Tandipatseniko madzi."

Nasimango analowa m'nyumba ndi chikho. Potuluka anapeza mwamuna wake atatsamira khoma, singano ili m'manja. Madzi aja sanamwe, anali atamwalira.

Tsono Chagundayu ndiye ankasunga chingwe cha midzi isanu. Midzi isanuyo inkamwa mtsinje umodzi, Kamphete, wochokera pa kasupe wa pansi pa mkuyu. Makolo anapangana kuti kuchokera pagombe, mikwamba makumi anayi ndi ya madzi. Khasu lisalowemo. Nkhwangwa isalowemo. Moto usalowemo. Ankati wa kumtunda akalima m'mphepete, wa kumunsi amamwa matope.

Chaka ndi chaka, anthu asanagwire makasu, wosunga chingwe ankayenda mtsinje wonse, kuyeza ndi kukhoma zikhomo. Mkwamba wake unali wa iye mwini: kuchoka pa chala cha dzanja ili kufika pa chala cha dzanja linalo.

Maliro anapita. Anthu anameta. Chaka chimenecho dzuwa linakwiya. Zikhomo zakale zinapsa ndi lupsa, ndipo anthu atapita kukatenga chingwe anapeza chiswe chitadya.

Midzi isanu inakumana. Inati, "Nasimango ndiye ankanyamula zikhomo pambuyo pa mwamuna wake. Njira akuidziwa. Apote chingwe china, asunge ndi iye."

Mlongo wake wa Nasimango, Kamwaza, anamutsatira mpaka kunyumba.

"Achemwali, lamulo likuti mkwamba wa wosunga chingwe. Wosunga ndinu. Manja anu ndi aafupi. Sitiba, sitinama, koma dothi lonyowa libwera lokha."

Dimba la Nasimango linali kumtunda, m'malire momwemo, louma gwaa. M'nkhokwe munali mutatsala pang'ono. Ana ake aakazi anali awiri.

M'mawa anatenga luzi napita ku kasupe. Anapota, anapota. Ndiye anayamba kuyeza. Kutambasula, kumanga mfundo. Kutambasula, kumanga mfundo.

Nkhanu inatuluka pansi pa mwala.

"Mayi, manja amenewo ndi a yani?"

"Ndi anga."

"Ndiye ndiyambe kumanga katundu. Ine ndikamasamuka, madzi ndimasenza."

"Ana anga ali ndi njala," anatero Nasimango.

"Ndamva," inatero nkhanu. "A kumunsi nawonso anabereka."

Inabwerera pansi pa mwala.

Nasimango anakhala pamenepo mpaka mthunzi wa mkuyu unatembenuka. Kenaka anamasula mfundo zonse, imodziimodzi.

Atafika kunyumba anatsitsa mphasa ija patsindwi. Chifereni mwini wake, anali asanaikhudze. Anaifunyulula. Singano inali momwemo. Anasolola bango limodzi, lotalika mkwamba wa Chagunda.

Tsiku loyeza, midzi isanu inasonkhana pa mkuyu. Nasimango anayala chingwe pansi, naika bango pamwamba pake. Kuika, kumanga mfundo. Kuika, kumanga mfundo. Anthu ankawerenga. Khumi. Makumi awiri. A kumtunda anayamba kung'ung'udza.

"Achemwali, mwatani kodi?" anatero Kamwaza. "Alamu anapita. Akufa sadya."

"Zoona, achimwene, sadya," anatero Nasimango. "Koma madzi amene anandipempha sanamwe. Amwe ena."

Makumi atatu. Makumi anayi.

Chikhomo choyamba anakhoma pa dimba lake. Dothi lonyowa lonse linatsala tsidya la chikhomo. Ataona zimenezo, a kumtunda analeka kung'ung'udza. Anayenda naye mtsinje wonse, mudzi ndi mudzi, kuyeza ndi kukhoma, kuyeza ndi kukhoma.

Njala inabwera ndithu. Usaganize kuti inamulambalala. Anadya gaga. Anaphika mango osakhwima. Ana ake anaonda mpaka zibangili zinkavuka zokha. Madzi othirira ankasenza pamutu, mikwamba makumi anayi kupita, makumi anayi kubwera. Kamwaza sanaponde pakhomo pake miyezi itatu.

Mitsinje ya kwina, kumene makasu anafika pagombe, inauma. Inasanduka njira za mbuzi. Kamphete anachepa, anachepa, anatsala ngati ulusi. Koma ulusiwo sunaduke. Midzi isanu inamwa. Alendo ochokera kutali anabwera ndi mitsuko, nawonso anamwa.

Tsiku lina Nasimango anapeza munthu akuthirira dimba lake. Anali Kamwaza.

"Ndimangodutsa," anatero Kamwaza, osamuyang'ana.

"Dutsani bwino, achimwene. Mzere uwo mwausiya."

Mvula itabwera, midzi isanu inakumananso. Inati, "Manja a anthu amasiyana, njala imawafupikitsa. Kuyambira lero mkwamba ndi bango ili." Analikulunga m'chikopa kuti chiswe chisalipeze, ndipo wosunga chingwe aliyense ankalandira chingwe pamodzi ndi bangolo.

Wamva, mwanawe? Lamulo la madzi suyeza ndi njala yako. Ukapatsidwa chingwe, kumbukira amene ali kumunsi, amene sudzamuona akumwa.

Nasimango anakalamba, nasunga chingwe zaka zambiri. Kusoka mphasa ankadziwa, ndipo bango padambo linali losasowa. Koma mphasa ija sanaimalize. Ankagonapo choncho, yoperewera, singano ili momwemo.

Pamene pathera chingwe, nthano yanganso yathera pomwepo.