Matumba a Mchenga pa Moteng

Tsiku lomwe Khethisa ankatsika kumapiri kupita ku Durban, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja, adagwira dzanja la bambo ake pakhomo pa khola la nkhosa. "Mukadzagona, dothi loyamba m'manda mwanu ndidzathira ndine." Udali udindo wake monga mwana wachisamba. Mkuluyo adangokokera bulangete paphewa nati, "Tidzaona."

Uthenga wa maliro a bambo akewo udamupeza imvi zitamera, chisanu chili pachimake. M'mawa wa tsiku loika adali ku Butha-Buthe, kwa Ramaili, mnzake wa kuubusa, amene adamubwereka galimoto yabokosi kuti akafike kwawo ku Mokhotlong. M'bokosimo mudali matumba a mchenga, osanjidwa pamwamba penipeni pa matayala akumbuyo. Khethisa adayamba kuwagubuduzira pansi.

"Aise, ukutani?" adafunsa Ramaili.

"Ndikwere phiri nditasenza mchenga? Kwathu dothi latha?"

"Pa phiri la Moteng pagwa chipale, msewu wonse wayera ndi madzi oundana. Iyi imakankha ndi akumbuyo, ikapepuka matako imavina. Nyamulanso matcheniwa, ukamange kumatayala."

"Ndakalambira pa chiwongolero cha malole ine. Njira iyi ndidaiyenda pa kavalo kulibe tala, ndiye undiphunzitse lero?"

"Kavalo ali ndi ziboda, bwana wa kunyanja. Pita, ukaperekeko moni."

Matcheni adatsala pamwamba pa matumba.

Phiri limene Khethisa ankalilota ali kutali lidamulandira ngati mlendo wosaitanidwa. Pokhota pena pokwera, matayala akumbuyo adayamba kuzungulira pamodzimodzi. Iye adapondereza moto. Chipale chidasalala n'kusanduka galasi, galimoto idagwedeza chiuno, n'kukhala pansi m'ngalande mwaulemu ngati nkhalamba yotopa.

Adatuluka, mphepo ikumucheka makutu. Adayala bulangete latsopano lomwe adagulira malirowo pansi pa tayala. Tayala lidalitafuna n'kulilavula. Kenaka adayamba kuzula miyala m'mbali mwa msewu, zala zitafa, kuiponya m'bokosi umodziumodzi. Kulemera kumene adakutaya m'mawa ndi manja ofunda adakutolanso ndi manja otuluka magazi. Koma galimoto idali itakhala kale. Adakhala pamwala, osatukwana, osalira, akuyang'ana mthunzi wake ukufupika kenaka n'kuyambanso kutalika.

Thirakitala yokankha chipale ndiyo idamuzula dzuwa litapendeka. Adafika pakwawo anthu akusamba m'manja pachipata, ena atakwera kale akavalo. Mayi wina adamufunsa mwaulemu kuti ndi mlendo wochokera kuti.

Kuseri kwa khola kudali mtumbira watsopano, chipale chitayamba kale kuufunditsa. Dothi loyamba adathira ndi mng'ono wake.

Pajatu Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo.