Nkhwali mu Mgolo wa Ana a Mphenzi

Kalekale, nyama zikadali ndi pakamwa ngati inu nomwe, padali Mayi Nkhwali. Vomerani, mukugona kodi?

Mayiwa akaikira mazira, a Fisi kumeza. Aikire pathengo, kumeza. Aikire pachulu, kumeza, mpaka kugeya pamaso pa mwini wake!

"Chaka chino ndiswa," adatero Nkhwali. "Ndiswa basi!"

Tsiku lina Mphenzi adang'anima, phaa! Ana ake, timoto toluma tija, adagwera pa mgolo wamtali wachitsulo umene udaima pa mwala wouma. Analipo ochuluka kuposa nyerere za dziko lonse, sindikunama! Nyama zidathawa, koma Nkhwali adatchera khutu.

Anawo ankadana koopsa. "Sendera uko!" "Sendera ndiwe!" "Usandikhudze, wanunkha!" Aliyense kukankha mnzake. M'kati mwa mgolo mudawachepera, onse n'kuthamangira kunja. Adamwazika pakhungu la chitsulocho mpaka aliyense atatalikirana ndi mnzake, kenaka zii, adakhala osasuntha.

"Ana inu, m'katimo mwatsala yani?" adafunsa Nkhwali.

"Palibe, mayi! Ndani angakhale pakati pa anyani awa?"

Nkhwali adauluka, pululu, n'kugwera m'kati. Ngakhale nthenga imodzi sidawauke. Adaikira mazira ake, nawafungatira.

Si awo a Fisi, malovu chuchuchu. Pakamwa pa mgolo padali patali, sakadadumphira.

"Alamu, tulukani tichezeko!"

"Pepani alamu, ndili pa mazira. Gogodani, ndikutsegulireni."

Fisi adasendeza mphuno pamimba pa mgolo. Thyaa! Ndevu zonse nji ngati tsache. "Mayo ine! Kuno n'kolusa, ndizungulire kuseri."

Kuseri adatambasula dzanja. Thyaa! "Aa! Ululu wake womwewomwewo!"

"Chitsulo n'chimodzi, alamu," adatero Nkhwali ali phee. "Kutsogolo, kumbuyo, mlingo wa ukali ndi umodzi."

Fisi adakhala pansi, kukanda mutu. Adaona kachitsulo kosongoka ngati munga katatuluka m'mbali. "Eyaa! Pang'ono chonchi pangakhale ana angati? Awiri basi. Ndikoka pamenepa, mgolo ugwe."

Wopusa! Ana okankhidwa ndi anzawo amathawira kunsonga, ndipo kumeneko ndiko adapanikizana ngati anthu pa chigayo. Fisi adatsegula chikamwa, aaa. Asadalume n'komwe, anawo adamulumphira okha. Phwaa!

Abale, Fisi adauluka! Adadutsa mapiri, adapatsa moni mwezi, n'kudzagwa chamatako, khu! Miyendo yakumbuyo idafupika pomwepo. Kamuoneni lero mmene amayendera. Kuseka kwake kuja si kuseka ayi, akulirabe.

Ana a Mphenzi onse adatsikira m'nthaka kudzera mwa Fisiyo, mgolo n'kuzizira. Fisi sadabwerenso. Masiku atakwana, m'kati mudamveka tiyo, tiyo, tiyo. Nkhwali adatulutsa anapiye ake mmodzimmodzi, osapsa ndi kanthenga komwe, nakwera pa mwala n'kukuwa mpaka mawu kusasa: "Ndaswa! Ndaswa!"

Phunziro ndi ili: moto wa mphenzi ukakhazikika pa chitsulo umakhala kunja, umadzazana kunsonga, m'kati mulibe. Wotsimikiza mtima amayamba wamvetsetsa chimene anzake akuthawa, koma wadyera amaluma asadafunse.

Nthano yanga yagwa chamatako ngati Fisi, yathera pompa. Kaoneni mbatata zija, zapserera!