Kapinga wa Bwana Mvuu

Kalekale, nyama zikadali ndi makoleji awoawo, panali mayi wina wa mtundu wa mfuko, dzina lake Namfuko. Tsiku lina anali pansi pa bwalo la mpira, akukumba. Fuku fuku fuku! Dothi m'maso, dothi m'kamwa, msana ukuwawa. Ntchito yake inali yokumba ngalande zapansi zotenga madzi kudambo n'kuwafikitsa kumizu ya kapinga. Zaka makumi awiri akukumba, ndipo ngakhale m'chilimwe bwalolo linkakhala biriwiri.

Khalani chete ana inu, sindibwereza.

M'chigwamo munali makoleji asanu ndi limodzi: la Njati, la Mbidzi, la Nguluwe, la Agwape, la Agologolo ndi la Mbira. Onsewa anali mu ligi imodzi, bwalo limodzi. M'mawa kuphunzira, masana mpira, dzuwa lisanalowe aliyense kwawo wapansi. Mbira zinkagonja chaka ndi chaka, koma tsiku lina zinachinya Njati chigoli chimodzi, ndipo nyimbo yake inaimbidwa zaka khumi. Namfuko ankamva zonsezi ali pansi, mapazi ali di di di pamwamba pake, mtima wake n'kumakondwa.

Ali mkati mokumba, denga linagwedezeka. Gu! Gu! Atasuzumira anaona Bwana Mvuu, mimba kutsogolo, matumba a ndalama pambuyo, miimba itanyamula makamera. Akuluakulu a makoleji onse anali atamuzungulira.

"Ine ndine mwini kanema," anatero Mvuu. "Njati, Mbidzi, Nguluwe, bwerani mu Ligi ya Zimphona. Muzikasewera ndi matimu a kutsidya kwa mitsinje isanu ndi iwiri. Dziko lonse likuonani."

"Ulendo umenewo ndi wa masiku atatu, bwana," anatero mkulu wa Agwape. "Nanga ana aziphunzira liti?"

"Kodi mayeso amaoneka pa kanema?" anafunsa Mvuu.

Miimba inaseka. Njati anaseka, maso ali pa thumba.

"Nanga ife?" anafunsa mkulu wa Mbira.

"Inu achimwene, ndani angalipire kuti aone mbira ikuthamanga? Ikalowa mu udzu kamera imaisowa."

Njati anadinda chiboda papepala. Mbidzi anadinda. Nguluwe anadinda kawiri. Mkulu wa Mbira anakana, anakana, mpaka anam'patsa kanema wamkulu ngati chitseko kuti azionera ali pakhomo. Naye anadinda. Ligi inatha dzuwa lisanapendeke, bwalo n'kukhala la Mvuu. Anamanga mpanda, ana a Mbira n'kumakasewera pa nsangalabwi, zala zili magazi.

Namfuko yekha ndiye Mvuu anam'siya pantchito, poti kapinga sadzithirira.

"Iwe mayi wa dothi, tabwera kuno," Mvuu anaitana. "Kapingayu pa kanema akuoneka wotuwa. Ndikufuna abiriwire kuposa apa."

"Bwana, ngalande zilipo zokwanira. Tikaonjeza, nthaka ifewa."

"Ndakufunsa nzeru? Ndati abiriwire!"

Namfuko anaima kaye. Anaganiza za zala za ana aja. Anayang'ana mimba ya Mvuu, n'kuiyeza ndi maso monga amayezera mulu wa dothi.

"Chabwino bwana. Pati makamaka?"

"Pakati! Pamene kamera imayang'ana."

Fuku fuku fuku! Anakumba ngalande zitatu. Mvuu anati, "Onjeza." Fuku fuku fuku! Anakumba zisanu. Mvuu anati, "Onjeza." Anakumba pansi pa ngalande, n'kukumbanso pansi pa zapansizo, mpaka pakati pa bwalo panatsala chikhakha chokha, chogwidwa ndi mizu. Pamwamba pake, mayo, kukongola! Kapinga anabiriwira ngati mpunga wa m'dimba.

Tsono panali mwambo. Masewero aakulu asanayambe, mlendo wolemekezeka ankalowa yekha pakati n'kugunda mpira woyamba, osewera ali chilili kumbali. Zaka zonse ulemuwo unali wa agogo a Timba, kambalame kokalamba komwe kanayambitsa ligi.

Litayandikira tsiku lotsegulira Ligi ya Zimphona, Namfuko anapita kwa Mvuu n'kugwada.

"Bwana, ndabwera kudzakuchenjezani. Pakati paja musapondepo. Asiyireni a Timba. Inu mwalemera."

"Ndalemera, inde! Ndalama zanga sukuziona?"

"Ndikunena thupi, bwana. Pamafunika munthu wopepuka. Komanso anthu anazolowera kuona a Timba. Inuyo mungodzaza kanema yense."

"Tamvani kamayi aka! Kanema wanga, bwalo langa, ndiye aoneke Timba? Choka!"

"Ndanena pamaso pa mboni," anatero Namfuko, akuyang'ana miimba.

Tsiku linafika. Mpira anauika dzuwa lili paliwombo, chifukwa ndi nthawi yomwe a kutsidya amaonera kanema. Osewera thukuta kamukamu asanathamange n'komwe. Namfuko anakhala pa chulu kunja kwa mpanda, pamodzi ndi ana a Mbira.

Mvuu analowa atavala suti yoyera. Gu! Gu! Gu! Anakweza dzanja. Anamwetulira kamera iyi, anamwetulira iyo. Anabwerera m'mbuyo, anathamanga, anatukula mwendo.

Khoo! Phava!

Nthaka inam'meza mpaka m'khosi. Matope thoo! Buluku linang'ambika, mwendo unathyoka, pakamwa yasa, akukuwa, "Mayo ine! Zimitsani! Zimitsani!"

Ndani azimitse? Miimba inayandikiza makamera. Dziko lonse linaona. Ana a Mbira anagubuduka ndi phwete, ndipo Namfuko anaseka mpaka misozi. Mumtima anati, basi, kanema achoka, anzathu abwerera, ligi idzuka.

Mukuganiza kuti anabwerera? Inu akuluakulu, mukudziwa kale.

Kugwa kwa Mvuu kunaonedwa ndi anthu ambiri kuposa mpira wina uliwonse. Miimba inakuonetsa m'mawa, masana, mwezi wathunthu, pakati pake n'kumatsatsa sopo. Ndalama zinachuluka. Mpando wa Mvuu anautenga Ng'ona, amene anamanga bwalo la simenti kutauni, n'kuyalapo kapinga wapulasitiki wosafuna madzi. Njati, Mbidzi ndi Nguluwe anam'tsatira osacheuka.

Namfuko anapita kwa mkulu wa Mbira. "Achimwene, tiyeni tikwirire dzenje, ana ayambenso kusewera."

"Mawa, achemwali, mawa," anayankha, maso ali pa kanema. "Tasunthani, mwanditchinga."

Anayesa kukwirira yekha. Koma madzi omwe iye anawaitana kudambo sanafune kubwerera. Dzenje linakula, magoli anagwera momwemo, mvula itabwera bwalo lonse linasanduka thamanda la achule.

Mvuu mpaka lero amabisala m'madzi usana wonse, maso okha kunja, kuopa makamera. Koma iye anagona m'chipatala mwezi umodzi, n'kutuluka ndi matumba ake. Namfuko anatsala ndi zikhadabo zothyoka. Analowa pansi, anatseka khomo ndi dothi, ndipo maso ake anachepa chifukwa analibenso chofuna kuona. Akamva mapazi pamwamba amaima, n'kumvetsera ngati ndi mpira. Amakhala ali a mbuzi.

Wolemera mukam'gwetsa amagwera pa chanu. Nthano yanga yagwera m'dzenje momwemo. Kaphuleni mbatata, zikupserera.