M'mawa Mwadzaza Kale

M'tauni ina munali mtsikana wina amene ankaphunzira udokotala. Anali m'chaka chachisanu, ndipo anali wotopa. Sindikunena kutopa kwa munthu wochokera kumunda, kumene kumatha ukasamba ndi kugona. Ndikunena kutopa kumene umadzuka nako, n'kuvala nako nsapato, n'kupita nako kuntchito.

Chaka chimenecho ophunzira anauzidwa kuti aliyense asankhe yekha mbali ya chipatala kumene akufuna kukaphunzira kwa milungu isanu ndi umodzi. Anzake anathamangira ku maopareshoni, ena kwa ana, ena kwa amayi oyembekezera. Iye anasankha kwa okalamba. Musaganize kuti chinali chifundo, ayi. Mumtima mwake ankati, "Nkhalamba sizithamanga. Kumeneko ndikapumako."

Anadzinamiza mwana wa eni. Okalamba sathamangadi, koma safulumiranso kutuluka. Ukafunsa kuti pakuwawa ndi pati, yankho limayambira chaka chimene anafolera nyumba yawo ndi malata. Ndiponso wokalamba sabwera ndi nthenda imodzi. Amabwera ndi maondo, maso, mtima ndi kusowa tulo, zonse m'thupi limodzi. Pofika mlungu wachinayi, mtsikana uja anali atasiya kuyang'ana nkhope za odwala. Ankangoyang'ana timabuku tawo ta kuchipatala ndi kutalika kwa mzere panja.

Tsiku lina Lachitatu, nthawi ya nkhomaliro itapita kale, m'mimba muli tiyi wa m'mawa yekha, m'chipinda mwake munalowa mkulu wina wazaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu. Dzina lawo anali a Chidzanja, telala wakale. Anali ndi chilonda pamphumi, ndipo mwana wawo wamkazi, Esinta, anali atawagwira pamkono.

"Adokotala, bambo angawa akungogwa," anatero Esinta. "Mwezi uno wokha agwa katatu. Dzana agwera pa makina awo osokera. Akati adzuke, akuti dziko likuzungulira."

Mtsikana uja ankadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Mwana akagwa amalira n'kudzuka. Nkhalamba ikagwa n'kuthyoka chiuno, kawirikawiri bedi limene yagonekedwapo ndi lomaliza. A Chidzanja anali atapulumuka katatu, ndipo panalibe wowalonjeza kuti kachinayi adzapulumukanso.

Anatsegula kabuku kawo, n'kupezamo masamba awiri okha olembedwa. Mankhwala a chizungulire ankawadziwa pamtima. Anatenga cholembera n'kuyamba kulemba, kuti dokotala wamkulu akangosaina, wodwala wina alowe.

Mkulu uja ankatsatira cholemberacho ndi maso. Kenaka anatsokomola mwaulemu.

"Adokotala, pepani ndifunseko. Amenewa ndizimwa nthawi yanji? Chifukwa m'mawa mwadzaza kale."

"Mwadzaza chiyani, agogo?"

"Mankhwala, mayi. Ndikamwa a m'mawa aja, phala silipezanso polowera. Kapena masana, pamenepo kamalo kangapezeke."

Sananene modandaula. Ananena ngati mwini nyumba amene akufunira mlendo wina pogona, chipinda chitadzaza kale. Pamenepo ndi pamene mtsikana uja anaona jumbo yakuda imene Esinta anaiika pamiyendo, yotupa, yomangidwa pakamwa.

Apa ndiye panali nkhani, abale anga. Akanatha kungoyankha mawu awiri: "Masana, agogo." Palibe akanamudzudzula. Mankhwalawo analidi a chizungulire, ndipo wodwalayo analidi ndi chizungulire. Panja panali anthu oposa makumi awiri, wina anali atagogoda kale kawiri, ndipo iye mwini mutu unali kumuwawa ndi njala. Ankadziwa kuti akamasula jumbo ija, ola lathunthu lapita.

Anayang'ana cholembera. Anayang'ana chilonda chija pamphumi. Anausa moyo, osati mwachikondi, koma mwa munthu amene waona ntchito imene sangaithawe. Anaika cholembera pansi.

"Achemwali, takhuthulirani zonsezo patebulo pano."

Zinakhuthuka. Timapepala ta mapiritsi, timabotolo, tina zolemba zake zitafufutika. Pansi pa zonse panatuluka timabuku tina tiwiri ta kuchipatala. Kena kanali ka kuchipatala chaching'ono cha kwawo, kena ka kuchipatala cha mishoni kumene amapita akakacheza kwa mwana wawo wamwamuna. Akaiwala kabuku kunyumba, ankangoyamba kena. Amati mapanga awiri avumbwitsa, koma a Chidzanja anali nawo atatu, ndipo kabuku kalikonse sikankadziwa zimene zili mwa kanzake.

Mtsikana uja anayamba kuyala mankhwalawo mmene anabwerera. Oyamba anali oyera, otsitsa kuthamanga kwa magazi. Achiwiri anali achikasu, a dzina lina, ochokera kuchipatala china, koma atawerenga bwino anapeza kuti ndi mankhwala omwewo. Mkuluyo ankamwa kawiri chinthu chimodzi. Zimenezo zinawatupitsa miyendo, ndipo wina ataona miyendoyo anawapatsa okodzetsa. Okodzetsawo anawalanda tulo, ndipo wina atamva za tulo anawapatsa ogonetsa. A maondo anawaotcha m'mimba, wina n'kuwapatsa a m'mimba. Atawerenga yonse, inakwana mitundu khumi ndi umodzi. Iye anali pafupi kulemba wa khumi ndi chiwiri.

Mwa onse amene analemba mankhwalawo munalibe woipa mtima. Aliyense anamva dandaulo limodzi, n'kupereka yankho limodzi, n'kuitana wotsatira. Nawonso anali ndi mizere yawo panja, nawonso anali otopa.

"Agogo, bwanji simunanene kuti muli ndi onsewa?"

"Palibe anafunsa, mayi. Ndiponso chimene wakupatsa dokotala sukana. Aliyense anandiuza kuti ndisadumphitse, ndiye ine sindinadumphitsepo."

Anawagoneka pabedi n'kuwayeza kuthamanga kwa magazi. Kenaka anawaimiritsa n'kuyezanso. Kuthamanga kwa magazi kunatsika ngati chidebe chimene chingwe chake chaduka pachitsime, ndipo mkuluyo anadzandira mpaka Esinta anawawakha. Nthenda imene inkawagwetsa inali patebulo paja.

Wophunzira saloledwa kuchotsa mankhwala payekha, choncho anakaitana mphunzitsi wake, Dokotala Msowoya, mayi waimvi wosachulutsa mawu. Mayiyo anavala magalasi, anayang'ana mzere wa mapiritsi uja nthawi yaitali, n'kutembenukira kwa mtsikanayo.

"Kulemba mankhwala mwaphunzira zaka zisanu," anatero. "Kuno munabwera kudzaphunzira kuchotsa."

Anachotsa. Inatsala mitundu inayi, kuphatikizapo ogonetsa aja oti azichepetsedwa pang'onopang'ono, ndipo zonse anazilemba m'kabuku kamodzi.

Mukuganiza kuti a Chidzanja anathokoza? Nkhope yawo inagwa.

"Ndiye kuti mwanditaya? Ndabwera ndi jumbo yodzaza, ndibwerere ndi tokwana m'thumba la malaya? Kwathu munthu akamulanda mankhwala, ndiye kuti amuuza akafere kunyumba."

Mtsikana uja ananjuta pafupi ndi mpando wawo n'kufotokoza. Anafotokozanso kachiwiri. Mkuluyo anangopukusa mutu, n'kutuluka osatsanzika. Panja anthu anali kung'ung'udza kuti dokotala wa lero ndi wochedwa. Tsiku limenelo anaweruka dzuwa litapendeka, osadya, osayamikiridwa ndi munthu, ndipo mtima wake unali wokhumudwa. Ankadzifunsa ngati mkuluyo sadzangopita kwina kukadzaza jumbo ina.

Patapita milungu iwiri, tsiku lake lomaliza kumbali ya okalamba, chitseko chinatseguka. Analowa a Chidzanja okha, Esinta akubwera m'mbuyo manja ali lende.

"Sanagwenso, adokotala," anatero Esinta. "Ndipo kudya kwake! Dzulo apukuta makina aja, asokera mdzukulu wawo siketi ya kusukulu."

Mkuluyo anakhala pansi, n'kuika chipewa pabondo.

"Ndili bwino, sindikana. Koma adokotala, aja munatenga aja, simungandibwezereko pang'ono? Sindimwa ayi, ndingowasunga m'nyumba. M'mawa mukumaoneka mopanda kanthu."

Mtsikana uja anaseka, koyamba pa milungu yonseyo. "Ayi, agogo," anatero. "M'mawa muzimwa phala."

Abale ndi alongo, fanizo lathera pamenepo. Ndisanapitirire ndichenjeze: wina asapite kunyumba kukataya mankhwala ake m'chimbudzi n'kumati abusa anena. Wochotsa mankhwala ndi dokotala. Ine ndikunena za jumbo ina, imene mwalowa nayo muno m'tchalitchi.

Ndikuonani mmene mwakhaliramo. Ambiri mwabwera otopa. Munapita kwa wina kukanena kuti mtima sukupeza mtendere, iye anati musale kudya masiku atatu. Kusalako kutakufooketsani, wina anati chikhulupiriro chanu n'chochepa, mukwere phiri mukapemphere. Mutatsika kuphiriko muli chimodzimodzi, wina anati alipo wachibale amene anakumangani, n'kukupatsani maina oti muziwaopa. Tsopano simulankhulana ndi azakhali anu, ndipo tulo tathawa. Mutabwera kwa ine kudzanena za tulo, ine ndinakuikani m'komiti, kuti mwina mukatanganidwa ndi ntchito ya Mulungu mupeza bwino. Ndikuvomera pamaso panu, cholembera chimenecho ndachigwirapo kambirimbiri. Kupatsa munthu chochita china n'kosavuta. Kukhala naye pansi n'kufunsa zimene wasenza kale kumadya ola limene ndimati ndilibe.

Ndipo inu, poti ndinu anthu aulemu, simukana. Chilichonse chimene wanena munthu wa Mulungu mumachifunira kamalo. Mwadzaza moti chakudya chenicheni, kudziwa kuti Atate wanu amakukondani musanachite kanthu, sichikupezanso polowera. Mukudzandira, mukugwa, ndipo mukuganiza kuti mwina pali lamulo lina limene simunalimve.

Kupemphera si koipa, kusala si koipa, kutumikira mu mpingo si koipa. Koma Ambuye Yesu ataitana anthu otopa, sanawaitanire kuti adzawawonjezere mtolo. Anawaitana kuti adzawatule. Iye ndiye sing'anga amene sayang'ana kutalika kwa mzere. Amati khuthulani zonse apa, n'kuyamba kupatula: mantha awa sindinakupatseni ine, mlandu uwu ndinaukhululuka kale, mwambo uwu mukuuchita kawiri m'maina awiri. Zimene amakusiyirani n'zochepa, ndipo n'zokwana kukuimiritsani.

Tsiku limene adzakuchotsereni, mudzamva ngati wakutayani. Manja opanda kanthu amachititsa mantha munthu amene wasenza zaka zambiri. Sanakutayeni, abale anga. Wakuonani kuti mukugwa, ndipo sakufuna kuti mugwe kachinayi.

Choncho lero sindikupatsani chochita chatsopano. Ndatopa nako kulemba, inunso mwatopa nako kumeza. Tiyeni tigwade, aliyense amasule zimene wabwera nazo pamaso pa Ambuye. Ndipo chimene Iye wachotsa m'manja mwanu, musachitole potuluka pakhomo.