Khadi Loyera la Buku la Mwalimu Mtila

Lachinayi lina, anthu atangobalalika pa swala ya Asiri, pemphero la Asilamu la chakumadzulo, ndinafika kwa Shehe Sumaili Kandulu nditapanira envulopu ya khaki m'khwapa. Nthawi imeneyo ndinali woyang'anira laibulale ya pa boma pathu, ndipo mu envulopumo munali lipoti la pachaka lomwe ndinali nditatumiza kulikulu. Ndisakubisireni, ndinali munthu wodzimva. Tayi ndinkamanga ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo munthu akandifunsa kanthu ndinkamuyankha ndi manambala.

Chinandipititsa kumeneko ndi kakalata ka mizere itatu. Shehe ankafunsa mwaulemu za buku limodzi lomwe silinkaonekanso pa shelefu ya pakona. Bukulo analemba pamanja ndi mphunzitsi wawo, malemu Mwalimu Asani Mtila. Linali la Chichewa chathuchi koma m'zilembo za Chiarabu, ndipo linkafotokoza za swala, za kasambitsidwe ka maliro ndi za kagawidwe ka chuma cha masiye. Mwalimuyo analipereka ku laibulale ine ndisanayambe ntchito, ndipo lina lofanana nalo kunalibe. Yankho la kakalatako ndinali nalo kale. Bukulo ndinali nditaliwotcha milungu itatu yapitayo. Komabe ndinkati ndikawayalira kaye manambala anga, aona okha kuti sindinalakwe.

Ndinawapeza pakhonde atakhala pamkeka, akusoka ndi singano buku lina la Chiarabu lomwe linali litathothoka chikuto. Anali atakalamba ndithu, koma atandiona anadzuka, nalowa m'nyumba kukanditengera mpando. Ndili mwana ndinaphunzira madarasa, maphunziro a Chisilamu, pakhonde lomwelo zaka zitatu, koma chiyambire ntchito ya boma ankandiitana ngati munthu wamkulu.

"Asalamu alaikumu, Shehe."

"Wa alaikumu salamu, a Mtalika. Mwavutikiranji kuchita kubwera? Mukanangonditumira mawu, miyendo ikadalipo."

Ndinakhala pampando, iwo nabwerera pamkeka. Taonani mwano wanga! Panthawiyo sindinaone n'komwe cholakwika. Titafunsana za kunyumba, ndinasolola lipoti lija n'kuyamba kuwawerengera.

"Shehe, ndisanayankhe kalata yanu, ndimati mumve mmene laibulale yathu yayendera chaka chino. Mabuku tili nawo 14,306. Anthu olembetsa afika 2,118, pomwe chaka chatha anali 1,640. Mabuku abwerekedwa ka 9,452. M'chigawo chonse takhala oyamba, ndipo akulikulu atiwonjezera ndalama zoyendetsera ntchito ndi mashelefu asanu ndi limodzi."

"Mashaallah," anatero Shehe. "Mwati mabuku ndi angati?"

"14,306. Ndinawawerenga ndekha, limodzilimodzi, masiku khumi ndi awiri."

"Onsewo munawawerenga?"

"Onse, Shehe, osadumpha ngakhale limodzi."

"Masiku khumi ndi awiri okha! Allah wakupatsani mphatso, a Mtalika. Ine buku limodzi landitengera zaka makumi anayi ndipo sindinalimalizebe. Nanga m'mabuku onsewo munapezamo zotani?"

Ndinaseka, poganiza kuti ukalamba wayamba kuwasokoneza mutu. "Iyayi, Shehe, sindikunena kuwerenga kwa mawu. Ndikunena kuwerenga kwa kuchuluka kwake."

"Ohoo, pepani. Paja liwu lake ndi limodzi lomwelo, ndiye ife nkhalamba timasakaniza. Pitirizani."

Ndinapitiriza mpaka ndinafika pa mzere wa mabuku ochotsedwa, omwe analipo 412. Apa ndinayamba ndakonza kukhosi. Ndinawafotokozera kuti buku lililonse lili ndi kathumba komatidwa mkati mwa chikuto chakumbuyo, ndipo m'kathumbamo mumakhala khadi lomwe timadindapo deti munthu akabwereka. Buku likakhala long'ambika, komanso khadi lake losadindidwa kwa zaka zisanu, ndinkalichotsa kuti pakhale malo a atsopano. Chomwe sindinawauze n'chakuti kuchotsa mabuku osabwerekedwa kunkakometsanso lipoti langa, pakuti otsalawo ankaoneka ngati akuyenda kwambiri.

"Tsono buku la Mwalimu Mtila linali m'gulu limenelo," ndinatero. "Khadi lake linali loyera mbee. Si zaka zisanu zokha ayi. Chilowere mu laibulale, zaka makumi atatu, palibe analibwerekapo ngakhale kamodzi."

"Ndiye lili kuti tsopano? Ngati likusowa malo, m'nyumba muno muli malo."

"Ochotsedwa onse tinawawotcha, Shehe, m'dzenje la kuseri kwa laibulale."

Singano inaima. Shehe anaika buku lomwe ankasokalo pamwendo, nawerama, nanena chapansipansi mawu aja timanena tikamva uthenga wa maliro.  Ine mawu amenewo anandisautsa, ndiye ndinayambanso kubwebweta. Ndinati shelefu si manda osungiramo mapepala. Ndinati ndalama za laibulale zimabwera potsata manambala, ndipo buku lopanda wolifuna limadya malo a buku lomwe ana a sukulu akulilirira. Ndinalankhula zambiri, zina ndikuchita nazo manyazi kuzilemba pano.

Nditatopa, anandifunsa mofatsa ngati akufunsa njira.

"Mwati linali long'ambika?"

"Kwambiri. Makona a masamba anali bii, msana wake wosokedwasokedwa ndi ulusi."

"Ulusiwo ndi wanga. Ndinalisoka katatu, pa tebulo lanu lomwelo. Koma ndithandizeni, a Mtalika, inu ndinu odziwa za mabuku. Buku lomwe palibe akulifuna, chimalidetsa makona ndi chiyani?"



"Lachiwiri lililonse ikatha swala ya masana ya Zuhuri," anapitiriza, "mumaona anthu atakhala pa tebulo la pakona. A Mdoka atelala, Abiti Sumani amene amasambitsa maliro a amayi, ine, ndi ena awiri atatu. Munkayesa timatani?"

Anthuwo ndinkawaona ndithu, kudzera pagalasi la ofesi yanga. Ndinkati ndi nkhalamba zothawa dzuwa. Ndinadandaulapo kangapo kwa anzanga a ntchito kuti anthu amenewa amangodzaza mipando koma osalembetsa, moti m'lipoti saoneka. Sindinapiteko ngakhale tsiku limodzi kukasuzumira chomwe anaweramira.

"A Mdoka maso anafooka, ndiye timawawerengera mokweza pang'ono," anatero Shehe. "Abiti Sumani kukagwa maliro ovuta, a mayi woyembekezera kapena a khanda, amathamangira kwanu kukaona tsamba lake asanagwire madzi. Abale akakangana pa munda wa masiye, timawatengera pa tebulo lomwelo kuti adzionere okha zomwe Mwalimu analemba. Titalisowa tinayesa mwangolisuntha, koma sabata yatha Abiti Sumani anapitanso, napezabe pashelefu pali mpata. Ndi chifukwa chake ndinakulemberani."

"Nanga bwanji osalibwereka?" ndinafunsa, mawu atakwera. "Mukanangodinditsa kamodzi kokha, Shehe, kamodzi kokha, bwenzi lilipo!"

"Linali limodzi. Ine ndikanapita nalo kunyumba Lolemba, ndiye Lachitatu kugwe maliro kutsidya, Abiti Sumani akanalipeza kuti?"

Ndinaona kuti akunena zoona. Komabe mtima wodzikuza sugonja msanga. Ndinagwira chomwe chinanditsalira.

"Chabwino, Shehe, ndamva. Koma ine ndikanadziwa bwanji? Mabuku ndi zikwizikwi, ine ndili ndekha. Ndimatsegula kumbuyo, ndimaona khadi, ndimapitirira. Pakanakhala polemba kuti bukuli silituluka, sindikanalikhudza."

 Shehe anadula ulusi ndi mano, natenga buku ankasokalo, nandipatsa ndi manja awiri.

"Tanditsegulirani pamene mumamata kathumba ka khadi."

Ndinalitembenuza mwachizolowezi, ndi kutsegula chikuto chakumbuyo.

"Pamenepo ndi pomalizira?"

Ndinayang'ana. Pamaso panga panali tsamba loyamba, dzina la Allah lili pamwamba. Abale inu, mwana aliyense wa madarasa amadziwa kuti buku la zilembo za Chiarabu limayambira uko ife a sukulu timati kumbuyo. Amene anamata kathumba m'buku la Mwalimu Mtila anamata mwa chizolowezi cha ntchito yathu, osadziwa kuti akumata pakhomo penipeni pa bukulo. Ndipo pomwepo ndinakumbukira. Tsiku lija ndikusolola khadi, moyang'anizana ndi kathumbako panali mizere iwiri ya inki yofiira. Ndinaiona ndi maso angawa. Chala changa chinali pomwepo.

"Panali zolemba zofiira," ndinatero.

"Zinalipo. Mwalimu analemba ine ndikuona, dzanja lawo litayamba kale kugwedera. Analemba kuti: Buku ili ndi wakafu, ndalipereka kwa Allah kuti lithandize anthu onse. Liwerengedwe pompano, lisatuluke, kuti wobwera mawa alipeze." Kenako anandiyang'ana. "Zilembo zimenezo munaphunzira kwa yani, a Mtalika?"

"Kwa inu, Shehe. Pakhonde pompano."

"Munaziiwala?"

"Sindinaziiwale."

Ndinatsika pampando paja n'kukhala pansi. Ndinalira, munthu wamkulu ndi tayi yanga, lipoti lili pafumbi. Shehe sanandikalipire ndipo sananditonthoze. Anangondisiya mpaka nditatha.

Zomwe zinatsatira ndi zazifupi. Lachiwiri lililonse ndinkakhala nawo pa tebulo la pakona ndi kope, iwo akunena zomwe ankakumbukira, ine ndikulemba. Pa masamba oposa mazana awiri tinapulumutsa makumi asanu ndi limodzi ndi atatu. Gawo la chuma cha masiye ankalidziwa bwino pamtima ndi a Mdoka, ndipo anamwalira mvula isanagwe, titangolemba masamba anayi. Mashelefu atsopano aja anabweradi, okongola, ndipo chaka chotsatira tinakhalanso oyamba. Lero ndinapuma ntchito, ndimaphunzitsa ana madarasa, ndevu zayera, koma ndikadutsa kuseri kwa laibulale ija mtima umandiwawabe ngati zachitika dzulo.

Tsiku lija ndisanatsanzike, ndinatola lipoti pafumbi paja ndi kufuna kuling'amba. Shehe anandigwira dzanja.

"Shehe, mapepala awa ndi amene andipusitsa," ndinatero. "Khadi lija linandinamiza."

Apa anandiitana ndi dzina langa laubwana, lomwe anali asanalitchule kwa zaka zambiri.

"Khadi silinaname, Abasi mwana wanga. Linakuuza zoona, kuti kwa zaka makumi atatu palibe ngakhale mmodzi amene anaphwanya pempho la Mwalimu. Kuyera kwake kunali kukhulupirika kwa anthu ako, ndipo iwe unaliwotchera chomwecho. Lipotilo usang'ambe, manambala ako onse ndi oona. Koma kuyambira lero, buku usanaliwerenge pamodzi ndi anzake, uziyamba waliwerenga lokha, ngakhale mizere iwiri."