Mpukutu wa Mayi Feyiga

Kalekale, anzanga, sunthirani kuno, nkhaniyi ndaimva lero lomwe ndipo ikundiyabwa pakamwa! Kalekale m'tauni ina ya kudziko lozizira munali mayi wamasiye wachiyuda, Feyiga, ndi ana ake aamuna atatu. Bambo awo anawasiyira chinthu chimodzi: mpukutu wa Chilamulo umene anaulemba okha pachikopa.

Anawo sankamvana. Zalimani, woyamba kubadwa, ankati Ayuda adikire Mesiya, kudzikhazikitsira dziko n'kutsogola Mulungu asanalamule. Mendeli ankati kudikira kwakwana, mtundu wopanda dziko ndi nkhuku ya aliyense, ndipo tikiti ya sitima yopita kudziko la makolo anali nayo kale. Heresheli, loya, ankawaseka onse awiri. Ankati kwawo n'komweko, poti malamulo atsopano ankanena kuti nzika zonse n'zofanana.

Tsiku lina chigulu cha anthu chinayatsa nyumba za Ayuda, apolisi akungoyang'ana. Mayi Feyiga anapsa kwambiri atakumbatira mpukutu uja.

Zalimani anameta ndevu zake zimene lumo linali lisanakhudzepo, kuti asadziwike kuti ndi Myuda, nadutsa ndi mayi ake pangolo pakati pa chigulucho.

Atafika pamtsinje, mwini bwato anakana kuwaolotsa. Mendeli anamupatsa tikiti ija, ndipo anawaolotsa.

Kuchipatala cha kutsidya sankalandira Ayuda. Heresheli, munthu wa malamulo uja, analemba mapepala abodza. Mayi analandiridwa, koma iye atagwidwa anamuletsa uloya.

Mayi anachira, koma maso anafa, ndipo nyumba panalibenso. Anaitana anawo nati, "Ndatopa kuunyamula mpukutuwu. Utengedwe ndi mmodzi, paja kuudula n'kuuwononga."

Zalimani anati ndi wake, poti ndiye amapemphera.

"Muwerengera ndani, achimwene?" anatero Mendeli. "Kuwerenga mpukutu pamafunika amuna khumi. M'tauni mwatsala asanu ndi mmodzi."

Mendeliyo anati aunyamula wapansi mpaka kudziko la makolo, pakuti ndi mbiri ya mtundu wawo. Zalimani anamukumbutsa kuti iyeyo anasiya kalekale kupemphera, ndipo kumene akupitako kukukhala kale anthu ena.

Heresheli anati utsale komweko, uzichitira umboni kuti nawonso ndi eni dziko. Koma m'mawa womwewo khoti linali litataya mlandu wa nyumba zotenthedwa zija.

Mayi anatambasula manja, mpukutu ukulemera.

Tsono inu, aliyense anataya chake kuti mayi akhale moyo. Mukanakhala Mayi Feyiga, mpukutuwo mukanauika m'manja mwa ndani?