Chikwakwa Nthawi ya Masamu

Panali mphunzitsi wamkulu wina, a Chidzanja, amene sukulu yake inali pakati pa katawuni kakang'ono ndi esiteti ya fodya. Bambowa ankakonda zinthu ziwiri, masamu ndi ukhondo. Masamu a Sitandade 8 ankaphunzitsa okha, ndipo anawaika m'mawa belu likangolira, ati mutu wa mwana umakhala usanatope. Za ukhondo ndiye musachite kufunsa. Kapinga wometedwa bwino, maluwa m'mbali mwa njira, njerwa zopaka laimu zili mbee.

Nanga ankatchetcha ndani? Ochedwa. Lamulo linali lakuti wafika belu litalira atenge chikwakwa, akalowa m'kalasi phunziro loyamba likatha. A Chidzanja ankalinyadira lamuloli, ankati silisankha nkhope. Inde silinkasankha. Kungoti ana a eni magolosale, a anamwino ndi a makalaliki belulo ankalimva ali pakhomo pawo, akumalizitsa tiyi. Ana a matenanti, aja olima fodya m'munda wa mwini esiteti, ankayamba athirira nazale, kenako n'kuuyamba wapansi wa maola awiri m'mimba muli pululu.

Mayeso akabwera, ana a kuesiteti ankayoyoka pa masamu ngati mango pamphepo. Aphunzitsi mu ofesi ankangoti ana a matenanti alibe mutu wa masamu, n'zakumtundu. A Chidzanja nawo ankavomereza, mtima uli m'malo.

Mwa ana a kuesiteti munali mtsikana wina dzina lake Lekeleni. Tsiku lina atate ake anafika ku ofesi, chipewa chili m'manja.

"Ahedi, mwanayu wabwereza kale kalasi imeneyi," anatero bambowo. "Akagwanso masamu teremu ino, ndimutenga. Januwale akubwerayu kushedi kukufunika manja osoka fodya."

"Tiona zotsatira, bambo," anayankha a Chidzanja.

Tsiku lotsekera linafika sukulu itangopata chikho cha ukhondo m'dera lonselo. A Chidzanja sankaponda pansi ndi chimwemwe. Chikhocho anachiika patebulo pabwalo, makolo atakhala pamithunzi, ana ali m'mizere. Atatha kuchitamanda mokwanira, anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa pepala.

"Amene mwagwa masamu, ndikakutchulani muimirire."

Anayamba kuwerenga. Aliyense wotchulidwa ankaimirira mwakachetechete, mutu uli pansi, popanda wodandaula. Lekeleni anaimirira wachisanu, ndipo kumbuyo kuja atate ake anavala chipewa. Mayina atakwana khumi ndi asanu ndi awiri, wachiwiri kwa a Chidzanja, mayi Kalilangwe, anawakoka jekete.

"Ahedi," ananong'ona mayiwo, "pepala mwawerengalo si la masamu. Ndi la ochedwa."

A Chidzanja anayang'ana pamwamba pa pepalalo, n'zoonadi. Manyazi anawagwira. Anapisanso m'thumba, natulutsa la olephera masamu, kuti ana osalakwa awakhazike pansi msanga. Anayendetsa chala pa dzina loyamba, mwini wake anali chilili. Lachiwiri, chimodzimodzi. Anafika mpaka pansi, osapeza ndi mmodzi yemwe woti akhale. Dzina lowonjezera linali limodzi lokha, la mwana wa mwini golosale, mlesi wodziwika amene ngakhale amake anali atamutaya.

A Chidzanja anayang'ana mapepala awiriwo, anayang'ana kapinga, anayang'ana chikho chija. Anali ngati munthu amene wapeza mbuzi yake yotayika ili m'khola mwake momwe. Zaka zonsezi osafunsa kumene masamu a ana a matenanti ankathera, osadziwa kuti ankawaponda pakapinga paja tsiku ndi tsiku popita ku ofesi. Anachita manyazi, komanso anasangalala zosaneneka, chifukwa nthenda anali ataiona ndipo mankhwala ake anali m'manja mwawo.

Anasiya tebulo, nadutsa pakati pa mizere ya ana ali chothamanga, tayi ikuuluka, mpaka anawapeza atate a Lekeleni atafika kale pachipata.

"Bambo, imani kaye. Mwana wanu sanagwe masamu ayi. Sanawaphunzire n'komwe. Anzake ndikuwaphunzitsa, iye ndinkamupatsa chikwakwa. Wolakwa ndine. Ndibwerekeni mwanayu teremu imodzi yokha."

Bambowo anadabwa. Chibadwire anali asanamvepo munthu wa tayi akunena kuti walakwa.

"Teremu imodzi, ahedi," anatero.

Sukulu itatsegulidwa, masamu anasamukira ku teni koloko, ana onse atafika ndiponso atamwa phala. Zikwakwa zinkatuluka Lachisanu masana basi, ndipo aliyense ankagwira, wa tenanti ndi wa kalaliki yemwe. Koma abale, ana a m'tawuni kutchetcha kwake! Udzu ankangousisita. Mvula itakhazikika, thengo linafika m'mawindo. Makolo ena anadandaula za njoka, aphunzitsi ena anang'ung'udza, ndipo chikho chija chinapita kusukulu ina. A Chidzanja anachipereka akumwetulira, anthu n'kumati bambowa mutu wasokonekera.

Potseka teremu yachiwiri anatenga pepala limodzi lokha, ndipo analiyang'ana pamwamba kawiri asanawerenge. Mwa ana khumi ndi asanu ndi awiri aja, khumi ndi mmodzi anali atakhoza. Kenako anafika pa dzina la Lekeleni.

"Lekeleni, malikisi 61."

Amayi a kuesiteti anaimba nthungululu mpaka mbalame zinabalalika m'mitengo. Lekeleni anangogwira pakamwa. Atate ake anabwera pang'onopang'ono, akupatula udzu ndi miyendo, napempha kuti alione pepalalo ngakhale kuwerenga sankadziwa. A Chidzanja anawalozera pamene panali dzina la mwana wawo.

"Basi," anatero bambowo, "fodya ndisoka ndekha."

Tsono inu aphunzitsi anzanga, ndi inu makolo a m'komiti, nkhaniyi ndi yanu. A Chidzanja sanali munthu wankhanza, ndipo lamulo lawo linali lofanana kwa onse. Chimene sichinali chofanana ndi mtunda wochokera pakhomo pa mwana kufika pabelu, ndi zimene mwanayo wagwira asananyamuke. Paja safunsa anadya phula. Musanalembe kuti mwana wa uje alibe mutu, yambani mwafunsa kuti anali kuti pamene anzake ankaphunzira, ndipo anamutuma kumeneko ndani. Mawa m'mawa tengani mapepala anu awiri, muwaike pamodzi, muwerenge mayina.